Mutu 6: Basi Yaulere ya a Laws

1. Amene Analakwa

Amene anaba mavoti a kumunsi kwa Kawale ndi a Laws. Tisazungulire. Sanathyole bokosi la mavoti, sanaopseze munthu ndi chikwanje. Anabwera dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete lawo la kutchalitchi, kumbuyo kwawo kuli basi yaulere.

A Laws anali mng'ono wawo wa malemu bambo ake a Tionenji. Ankakhala ku Area 25, m'nyumba ya mpanda, pamtunda pamene madzi a mvula amangodutsa osapereka moni. Tionenji ndi amayi ake, a Veronica, ankakhala kumunsi kwa Kawale, mu mzere wa nyumba za lendi umene anthu amautcha pa Jenda, chifukwa ukangolowamo Chichewa chimatha, Chitumbuka n'kuyamba. Mabanja ambiri a mu mzerewo ndi ochokera ku Mzimba.

Chisankho chapitacho chisanafike, mnzawo wa a Laws ankafuna uphungu kumudzi. Tsono lamulo limalola munthu kulembetsa m'kaundula wa mavoti kumene amakhala, kumene amagwira ntchito, kapena kumene anabadwira. A Laws anagwira pa mawu omalizawo. Anakweza mzere wonse m'basi, amuna ndi akazi, n'kukawalembetsa ku Mzimba. Anthu anabwerako akuimba, atanyamula mbatata ndi nkhuku zakumudzi.

Tsiku loponya voti litafika, basi sinabwere.

Kumene unalembetsa n'kumene umaponya voti. Dzina lako limakhala kumeneko, osati kwina. Anthu a pa Jenda ku Mzimba sanafike, ku Kawale anabwezedwa. Pafupifupi mzere wonse unagona zala zili zoyera, zopanda inki.

Zimenezo zinachitika Tionenji ali mu Sitandade 8. Tsopano anali atakwanitsa zaka 18, mayeso a Fomu 4 atalemba, chiphaso cha unzika ali nacho. Kalembera wa mavoti anali atatsegulidwanso pasukulu ya pulayimale ya pafupi. Nawo a Laws anali atasitanso jekete lija.

2. Munthu wa Miyendo Iwiri

Mvula yoyamba ya chaka inagwa mwaukali. Ngalande yodutsa kumaso kwa nyumba za pa Jenda inali yodzaza kale ndi majumbo, zitsononkho za chimanga ndi matewera a ana. Madzi ochokera kumsika atasowa njira, analowa m'nyumba za anthu osaodira.

A Veronica amagulitsa usipa pamsika. Matumba awo anali pansi, pakona. Onse ananyowa.

M'mawa mwake mzere wonse unali panja. Ena ankayanika mabulangete, ena ankakapa matope ndi mbale. A Veronica anayala usipa pamphasa, akusankha wowola ndi wabwino, pakamwa pakung'ung'udza. Tionenji ankasesa matope pakhonde.

Ndiye panatulukira bambo wina wovala majombo atsopano onyezimira.

"Pepani, amayi athu, pepani ndithu," anatero bamboyo akuwomba m'manja. "Ine ndine Medson, mwana wanu, wa kuseri kwa chigayo. Ndikufuna kudzaimira ukhansala m'dera lathu lino. Ngalande iyi ndaiona."

"Kuiona aliyense amaiona," a Veronica anayankha osadzutsa mutu. "Ndi akhungu omwe amaidziwa ndi fungo."

Azimayi anaseka. Tionenji anatsamira tsache lake.

"Koma ankolo, ngalande si ntchito ya a phungu? Ife timamva kuti chitukuko amabweretsa ndi phungu."

"Ehe! Apo ndi pamene anthu mumasokoneza, chemwali," a Medson anatero, akukondwa kuti apeza wowamvera. "Tsiku la voti adzakupatsa mapepala atatu. Loyamba ndi la pulezidenti. Ameneyo amatsogolera dziko lonse ndipo amasankha nduna. Kuti apambane ayenera kupeza mavoti oposa theka. Zikakanika, awiri otsogola amapikisananso. Lachiwiri ndi la phungu. Phungu ntchito yake ili ku Nyumba ya Malamulo: kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kufunsa nduna mafunso oti zituluke thukuta. Anthu munamusandutsa wogula mabokosi a maliro, koma si ntchito yake imeneyo. Lachitatu ndiye langa. Khansala amakhala m'khonsolo ya mzinda. Kumeneko n'kumene amakamba za ngalande, zinyalala, misika ndi timisewu ta m'malokeshoni muno. Ndi meya yemwe, timasankha ndife makhansala."

"Mwayamba kale kunena kuti ndife?" a Veronica anafunsa. "Simunapambanetu."

A Medson anaseka, osakhumudwa. Anatembenukiranso kwa Tionenji.

"Tsono mvetsa ichi. Voti ya pulezidenti imawerengedwa chimodzimodzi, kaya waponyera ku Nsanje kaya ku Chitipa. Koma ya phungu ndi ya khansala siyenda. Imatsala pomwe waiponyerapo. N'chifukwa chake ndikuyenda khomo ndi khomo. Nanga amayi athu, nonse mwalembetsa pasukulu apa?"

Azimayi anayang'anana.

"Ife timalembetsa kumudzi," anatero mayi wina akufinya bulangete. "Akuti basi ibweranso."

"Nonse?"

"Mzere wonse."

Kumwetulira kwa a Medson kunazima pang'onopang'ono ngati makala othiridwa madzi. Anayang'ana majombo awo, anayang'ana kumtunda.

"Chabwino. Zikomo kwambiri, amayi athu. Mulungu akudalitseni."

Anadumpha ngalande ija n'kuyamba kukwera.

"Iii! Abambo inu!" a Veronica anaimirira, usipa uli m'manja. "Ine ndiye galu? Ine ndinalembetsa pano! Kwathu ndi ku Ntchisi, koma voti yanga ili pasukulu apo!"

A Medson anacheuka ali tsidya lina la ngalande.

"Amayi, ndisakunamizeni. Ine ndili ndi miyendo iwiri yokha, ndipo dera ndi lalikulu. Kumtunda uko, nyumba iliyonse muli mavoti. Kuno kuli voti yanu imodzi ndi ngalande. Mukanakhala inu mukanalowera kuti?"

A Veronica anawayang'ana akupita. Anaponya usipa wowola m'ngalande n'kukhala pansi.

"Mvula ikakuona litsiro sikata," anatero.

3. Mipando Yowerengeka

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, galimoto ya a Laws inaima pamsewu. Anatsika ndi mwana wawo Sheila, wa msinkhu umodzi ndi Tionenji. M'nyumba anakana kulowa chifukwa cha matope. Tionenji anawatulutsira mpando panja n'kugwada.

"Monire, alamu," a Laws anapereka moni kwa a Veronica.

"Takuonani, alamu. Mwabwera kudzaona nyanja yathu?"

A Laws anachita ngati sanamve. Anakonza jekete lawo.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino. Chiliza cha akulu anga chatha kumanga. Tikachivundukula Loweruka. Basi inyamuka Lachisanu m'mawa pabwalo la mpira. Tionenji, mpando wako ulipo."

Tionenji anadzutsa mutu. Chiikireni maliro a bambo ake sanapitenso ku Mzimba. Manda ankawakumbukira ali mulu wa dothi lofiira, nkhata za maluwa zili pamwamba.

"Yewo, Adada," anathokoza motsitsa mawu. Mng'ono wa bambo ako ndi bambo ako, ndipo iye ankawatchula choncho kuyambira ali mwana.

"Tikafika, ukalembetsanso voti komweko," a Laws anapitiriza. "Unabadwira ku Mzimba iwe, kuno unabwera uli kumbuyo. Mwana wanga, mvera. Tauni si kwanu. Tauni ndi kuntchito. Nyumba iyi ndi ya lendi, mwini wake akadzuka ndi mutu mawa, mutuluka. Koma kumudzi kuli mchombo wako, kuli agogo ako, kuli bambo ako. Ukadzafa tidzakuika kuti? Ku Kawale? Munthu amavota kumene adzagone. Ife a kumpoto tinabalalika dziko lonse kufuna sukulu ndi ntchito. Tikapanda kubwerera kukasankha atsogoleri akwathu, kumudzi kudzatsala nkhalamba ndi mbuzi. Agogo ako amayenda mtunda wautali kupita kuchipatala, mtsinje ukadzaza sawoloka. Adzawalankhulira ndani ngati ana awo mavoti mukuwamwaza m'matauni?"

Tionenji anayang'ana pansi. Mawuwo sanali opusa ayi, ndipo n'chimene chinkapweteka.

"Mwalankhula bwino," a Veronica anatero. "Nanga basi ya tsiku la voti ija ili pati? Tikuidikirabe."

"Ija inafa injini, alamu. Ulendo uno zonse zili m'malo."

"Chabwino. Tsono ine mpando wanga uli potani? Pawindo kapena pakati?"

A Laws anatsokomola.

"Alamu, mipando ndi yowerengeka. Basi walipira ndi munthu, ndipo walipirira anthu okalembetsa. Inu munabadwira ku Ntchisi, kwathu sangakulembeni. Mutha kutitsatira pa minibasi."

Sheila anabisa nkhope m'manja. A Veronica anaimirira pang'onopang'ono.

"Mubwerezenso, ndimve bwino. Mwamuna wanga, amene ndinkamusambitsa ine m'chipatala, ndikumutembenuza ine, ndikumudyetsa phala ndi supuni inu muli ku shopu kwanu, chiliza chake ndikachione pa foni? Chifukwa chala changa chilibe ntchito ku Mzimba?"

"Musakuze nkhani, alamu. Ine ndabwerera mwana. Ng'ombe tinapereka. Mwana uyu ndi wathu."

"Ng'ombe munaperekadi. Koma chala chake simunalowole."

A Laws anaimirira, anasasa fumbi limene panalibe pa buluku lawo.

"Lachisanu m'mawa, Tionenji. Usaiwale chiphaso cha unzika."

4. Malaya Oyera

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, Tionenji ankapinda zovala n'kumaika m'chikwama. Amayi ake anakhala pakhomo, nsana atatsamira chitseko, akumuyang'ana.

"Khala pansi, Tio," anatero. "Ndikuuze za bambo ako, zimene pa chiliza sakakuuza.

"Ulendo woyamba uja, iwo anakwera nawo basi. Ndinawaletsa, anati mkazi wa ku Ntchisi sangamvetse za kumudzi. Tsiku la voti, basi itasowa, anati, 'Vero, tiye pasukulu, sangandibweze, amandidziwa.' Anavala malaya awo oyera aja, anapesa bwinobwino. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Titafika kutsogolo, mtsikana wa patebulo anafufuza dzina, anafufuza, n'kunena kuti, 'Bambo, dzina lanu mulibe muno.' Iwo amvekere, 'Mwana iwe, m'Kawale muno ndakhalamo usanabadwe.' Iye amvekere, 'Munalembetsa kuti?' Anthu onse pamzere chete, kumvetsera. Bambo ako anavula chipewa n'kutuluka, ngati munthu wagwidwa akuba nkhuku. Ine ndinabwera kunyumba ndi chala chakuda. Iwo manja ankabisa m'thumba sabata yathunthu. Chisankho china sanachionenso.

"Ine sindikukuletsa. Manda ndi a bambo ako, ndipo sindingaime pakati pa iwe ndi iwo. Koma uzidziwa chimene ukugulitsa. Adzakuuza kuti voti ndi yachinsinsi. N'zoona. M'kachipinda kovotera muja mulibe a Laws, mulibe ine, uli wekha ndi cholembera. Koma chinsinsi chidzakuthandiza chiyani pamene papepala pali nkhope za anthu osawadziwa? Ukasankha khansala wa kumudzi, akakonze msewu umene supondapo, madzi akulowa pansi pa bedi lako kuno. Osati mwezi umodzi. Zaka zisanu. Atsogoleri sawerenga anthu, mwana wanga, amawerenga mavoti. Wamuona wekha wa majombo uja. Mzere uno uli ndi anthu odzaza tchalitchi, koma kwa iwo muno mulibe munthu. Tikhoza kumira tonse, osabwera ndi mmodzi yemwe."

"Koma akuti munthu umatha kusamutsa dzina pambuyo pake," Tionenji anatero.

"Eya, nthawi yake imakhalapo. Pa Jenda pano anasamutsa ndani? Aliyense ankati basi ibwera, aliyense ankaopa kuti a Laws amva. Nthawiyo inadutsa anthu akudikira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, Tio. Wa pachala ndi wa mphepo."

"Nanga agogo? Zimene ananena Adada za chipatala zija, n'zabodza?"

"Si zabodza. Agogo ako avote kumene madzi amawavuta, iwe uvote kumene madzi amakuvuta. Amene akufuna kuvotera kumudzi ndi mtima wake, apite, lamulo limamulola. Koma osamangirira munthu ndi manda a bambo ake."

Tionenji anagwira zipi ya chikwama, osaitseka.

"Amayi, ine ndikungofuna ndikaone pamene agona."

A Veronica anaimirira. Kenaka analowa m'nyumba, anatenga usipa wabwino umene unapulumuka, anaukulunga m'pepala n'kuuika m'chikwamamo.

"Ukawapatse agogo ako. Ukanene kuti wachokera kwa mkazi wa ku Ntchisi."

5. Jumbo Lakuda

Lachisanu m'mawa pabwalo la mpira panali ngati ukwati. Basi yaikulu inali itaima pafupi ndi golo, injini ikulira. Anthu a pa Jenda anabwera ndi zikwama, matumba a shuga ndi sopo wopita nawo kwa abale. Azimayi anali atayamba kale nyimbo zakutchalitchi za Chitumbuka.

Pakhomo la basi panaima a Laws, m'manja muli jumbo lakuda.

"Ziphaso muno, ziphaso muno! Ndisunga ine, zingatayike panjira. Mukalandira pa tebulo la kalembera."

Aliyense ankaponyamo chake n'kukwera. Tionenji nayenso anaponyamo. Anakakhala pafupi ndi Sheila, kumbali ya windo.

"Aise, bola wabwera," Sheila ananong'ona. "Ndimaopa kuti ndiyenda ndi nkhalamba zokhazokha."

"Munthu amene akufuna tikamuvotereyo, dzina lake ndani?" Tionenji anafunsa.

"Kaya. Ine ndimangomudziwa kuti ankolo a galimoto yoyera. Adada ati tikamuona akabwera kudzatipatsa moni."

Kumbuyo, mkulu wina wa pa Jenda anakweza mawu.

"A Laws! Nanga tsiku lenilenilo basi idzakhalapo? Ulendo watha tinachita manyazi."

"Zimenezo tidzaona nthawi yake, madala," a Laws anayankha akuseka. "Lero tiyeni tidye za lero."

Anthu ena anaseka nawo. Tionenji sanaseke. Anayang'ana pawindo. Kutsidya kwa bwalo, pansi pa mtengo, panaima amayi ake, beseni la usipa lili pamutu. Sanayandikire, sanabayibitse. Kuseri kwawo kunkaoneka denga la sukulu, ndi mzere wa anthu odikira kulembetsa.

Tionenji anaimirira.

"Adada, ndili ndi pempho."

Nyimbo inatsika. A Laws anacheuka.

"Sukulu ndi iyo, si patali. Mundidikire pang'ono ndithamange ndikalembetse, kenaka tinyamuke. Ku chiliza ndipita, agogo ndikawaona. Koma voti yanga ndikufuna ikhale kuno."

A Laws anamuyang'anitsitsa.

"Wati chiyani?"

"Ndimakhala kuno, Adada. Madzi amatilowera kuno."

"Amenewo ndi mawu a mayi ako."

"Ndi mawu anga. Bedi limene linanyowa ndi langa."

"Khala pansi, mwana iwe," mayi wina anamukoka siketi. "Usachititse manyazi bambo ako."

"Amayi, inunso dzana lomweli mumafinya bulangete," Tionenji anayankha. Mayiyo anamusiya.

A Laws anayenda pakati pa mipando mpaka anaima pamaso pake. Mawu awo anali otsika, koma basi yonse inamva.

"Mpando wakhalapowo ndi wa voti ya ku Mzimba. Si wa alendo okaona malo. Ukufuna manda a bambo ako, khala pansi utseke pakamwa. Ukufuna ngalande yako, khomo ndi ilo. Koma ukatsika, usadzanditchulenso Adada. Ndipo mawa potchula ana a malemu pa chiliza, dzina lako sindikalitchula."

Sheila anamugwira dzanja. "Tio, chonde, ingokhala."

Tionenji anachotsa dzanja lake. Anatsegula chikwama, anatulutsa usipa uja n'kuuika pamiyendo pa Sheila.

"Ukawapatse agogo."

Ananyamula chikwama, anadutsa pafupi ndi a Laws n'kutsika. Atangoponda pansi, anatembenuka n'kutambasula dzanja.

"Chiphaso changa."

A Laws anakweza jumbo lija n'kuligwedeza.

"Chili pansi pa zinzake. Ndilibe nthawi yosanthula. Ukachifuna, mpando wako uwo."

"Ndi changa! Pali nkhope yanga!"

"Adalaivala, tiyeni. Tachedwa."

Chitseko chinatsekeka. Tionenji anathamanga m'mbali mwa basi akumenya malata ndi chikhatho, akukuwa. Anthu m'mawindo ankayang'ana kumbali. Tayala linaponda chithaphwi, matope n'kumuwaza siketi yonse. Basi inakhota pamsika n'kulowa mumsewu waukulu. Nyimbo inayambiranso.

6. Sichinatayike

A Veronica anafika akuthamanga, beseni atalisiya pansi pa mtengo. Sanamukumbatire, sanamuyamikire. Anangomugwira pamkono.

"Tiye."

Pasukulu anaima pamzere mpaka dzuwa linakwera. Atafika kutsogolo, anapeza mayi wachitsikana atakhala kuseri kwa makina ojambulira anthu.

"Takulandirani. Chiphaso cha unzika?"

"Ndilibe," Tionenji anayankha. "Anditengera."

"Mwana uyu ndinabereka ine," a Veronica analowerera. "Zaka zake zakwana. Amakhala pa Jenda apo, nyumba yoyang'anana ndi mpope. Funsani aliyense pamzerepa."

"Amayi, sindikukutsutsani," mayiyo anayankha modekha. "Koma lamulo silindilola kulemba munthu pongomuona nkhope. Tikanatero, wina akanalembetsa kuno m'mawa, madzulo n'kukalembetsanso ku Biwi. Chiphaso ndicho chimatsimikiza kuti ndi Mmalawi, zaka zakwana, ndipo akulembetsa kamodzi kokha."

"Ndiye wolakwa akupita ku Mzimba akuimba nyimbo za Mulungu, wolangidwa ndi mwana wanga?"

"Amene wamutengerayo walakwa. Chiphaso ndi cha mwini wake. Kaya ndi bambo, kaya ndi bwana, alibe mphamvu yochisunga mwini wake akuchifuna. Mutha kukadandaula kupolisi. Kapena mupite kwa a ziphaso, mukafotokoze kuti chatayika, akuuzeni chochita."

"Sichinatayike," Tionenji anatero, misozi ikutsika. "Ndikudziwa kumene chili. Chili m'jumbo lakuda."

Mayiyo anamuyang'ana mwachisoni.

"Chitani changu, chemwali. Pano tikutseka mkucha. Wotsatira!"

Anatuluka. Anakatenga beseni lija n'kukhala pansi pa mtengo womwewo. Msika a Veronica sanaupitenso tsiku limenelo. Kumwamba mitambo yakuda inali itayamba kusonkhana mbali ya ku Mchesi.

"Kupolisi ndiye ayi," Tionenji anatero. "Ndikamangitse mng'ono wa bambo anga tsiku la chiliza chawo?"

"Ine ndikanamumangitsa ndi jekete lake lomwelo," amayi ake anayankha. "Koma chiphaso ndi chako, mlandu ndi wako."

Anakhala pamenepo mpaka mabelu a masana analira. Ndiye foni ya Tionenji inanjenjemera m'chikwama. Anali Sheila, akunong'ona mothamanga.

"Tio, ukundimva? Taima pa Kasungu. Adada atsika, akugula nyama yootcha. Jumbo alisiya pampando, lili pafupi ndi ine pano. Pali kondakitala wa minibasi yobwera ku Lilongwe, akuti atha kukupatsira pa depoti madzulo ano."

"Sheila!"

"Dikira, mvera. Iwo anawerenga ziphaso tikunyamuka. Akapeza kuti chako palibe, adziwa kuti ndine, palibenso wina wakhala apa. Umawadziwa. Koleji ndiye ndaiiwala, ndi pakhomo pomwe andithamangitsa. Ndichite bwanji, aise? Ukati tenga, nditenga. Yankha msanga, akulipira kale."

Tionenji anayang'ana amayi ake. A Veronica anali atamva zonse. Dontho loyamba la mvula linagwera m'beseni la usipa.

"Tio! Akuwoloka msewu!"

Tsono iwe amene ukuwerenga, usathamangire kutembenuza tsamba ngati nkhaniyi ndi ya anthu ena. Nawenso zaka zako zakwana kapena zili pafupi, ndipo basi yako idzabwera. Foni ija ili pakhutu pako. Ukati tenga, mnzako wataya sukulu ndi pogona. Ukati siya, iwe wakhala zaka zisanu wopanda mawu, madzi akulowa m'nyumba. Mwana wa zaka 18 anamufikitsa pamenepa ndi munthu wamkulu, wometa ndevu, wodziwa malamulo. Umuuza chiyani Sheila? Usandiyang'ane. Ndiyankhe.